Benz yakale pa misewu ya Harare: ma rimu adikire kaye

Anthu ambiri akagula Benz yakale kuno ku Harare chinthu choyamba chomwe amathamangira ndi ma rimu. Galimoto isanakwere ndi pa jeke pomwe kuti makaniko aione pansi, yapita kale kukavekedwa ma rimu a 18 inchi, tinti wakuda bii, ma sipika odzadza buti yonse, kenako mvula isanayambe mukuipeza yaima mmbali mwa Seke Road boneti ili mmwamba nthunzi ili tolotolo. Zimandiwawa kwambiri zimenezi. Galimotozi sikuti zikufa ndi ukalamba ayi, zikufa chifukwa ndalama yochepa yomwe mwini wake ali nayo ikupita pa zooneka ndi maso pomwe matenda ali pansi.

Yanga ndi W124, 300E ya 1990, injini ya M103 ya ma silinda 6, malita 3. Mtundu umenewu unatuluka kumapeto kwa 1984 ndipo ya zitseko zinayi inapangidwa mpaka 1995, mkulu woyang'anira kaonekedwe kake anali Bruno Sacco. Zomwe timaziona mmisewu muno zina zinachokera ku UK, zina ku South Africa komwe fakitale ya ku East London inkamanga ma Benz a chiwongolero cha kumanja, fakitale yomwe ija antchito ake anamangira Nelson Mandela 500SE yofiira mu 1990 atangotuluka kundende. Ndikunena izi chifukwa pali anthu amaganiza kuti galimoto imeneyi ndi ya mmisewu yosalala ya ku Germany basi, pomwe zoona zake nzakuti yakhala ikuyenda mu fumbi la kuno kummwera kwa zaka zoposa 30 ndipo imalimba, bola muisamalire malo oyenera.

Malo oyamba ndi labala. Kumbuyo kwa W124 tayala lililonse limagwiridwa ndi timikono tisanu, kapangidwe komwe kanayambira pa 190E mu 1982, ndipo ndi kameneka kamachititsa kuti galimoto izikhala phee pa msewu ngakhale mukhote mothamanga. Koma pafupifupi kamkono kalikonse kali ndi ma bushi a labala mbali zonse ziwiri, ndiye werengani nokha kuchuluka kwa labala yemwe akumenyedwa ndi maenje a mu Highfield ndi Mufakose tsiku ndi tsiku. Ma bushi akatha galimoto siimalira kwambiri ngati zina zija, imangoyamba kuvina pang'ono kumbuyo mukaponda mafuta kapena mukasiya, matayala nkumadyeka mkati, inu nkumati ndi alaimenti. Mupita ku alaimenti kangati kaya, sizitheka mpaka mutasintha timikonoto. Kutsogolo nako kuli ball joint yapansi, imeneyo ndiye musamasewere nayo, chifukwa kulemera kwa galimoto kumadutsira pa iyo ndipo ikaduka tayala limapindikira mkati galimoto nkugwada pomwepo. Ikayamba kulira kwii kwii mukakhota pang'onopang'ono pa geti, musadikire malipiro a mwezi wa mawa. Ndipo sipulingi ya kutsogolo ya galimoto imeneyi ndi yaitali ndi yamphamvu zedi, imafuna chopanira chake cholowa mkati mwa sipulingi. Mukaona munthu akufuna kuimanga ndi zingwe kapena tizitsulo togwira kunja, tengani galimoto yanu muzipita, anthu amavulala nazo.

Palinso ma mounting a injini omwe mkati mwake muli mafuta, akaphwa chiwongolero chimanjenjemera pa ma roboti, ndi ma flex disc, timalabala tozungulira kumapeto kwa propshaft, tomwe tikang'ambika mumamva gu mukaika giya ya D. Zonsezi palibe amene angakuyamikireni pa car wash, koma tsiku lomwe mwasintha zonse nkuyendetsa ndi pomwe mumadziwa chifukwa chake achikulire ankailemekeza galimoto imeneyi.

Ine amene amandigwirira ndi madala ena a ku Gazaland ku Highfield, makolo awo anachokera ku Dedza nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, iwo anabadwira konkuno koma Chichewa chawo nchakumudzi chenicheni. Alibe laputopu, ndipo pa galimoto imeneyi laputopu ilibe ntchito kwenikweni chifukwa mulibe soketi ya OBD2 yolumikizira kompyuta yofufuzira matenda, yomwe anyamata a masiku ano anazolowera. Amatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga kuika pa injini, chogwirira kuika pa khutu, nkumayenda nayo kuchoka pa alternator kupita pa water pump, kenako pa chivundikiro cha ma valuvu, maso atatsinzina, injini ikulira. Akamaliza amazula kapaipi ka vacuum, kupukuta pa ovolosi, kuyamwa pang'ono nkutseka ndi lilime kuti amve ngati kakugwira mpweya. Tsiku lina ndinawaonetsa chithunzi cha ma rimu a AMG, kampani yoonjezera mphamvu ndi kukongoletsa ma Benz, pa foni, anayang'ana nthawi yaitali ndithu, kenako nkundibwezera foni.

"Ndi abwino mwana wanga, sindikukana. Koma mukufuna kugulira suti munthu amene ali ndi malungo. Tiyeni timuchize kaye."

"Ndiye tiyambire pati madala?"

"Pa madzi. Benz imafa ndi madzi."

Ankanena zoona. M103 ili ndi buloko ya chitsulo ndi hedi ya aluminiyamu, ikatenthetsa kamodzi kokha mwamphamvu gasiketi ya hedi imapita, nthawi zina hedi yomwe kupindika. Singano ya kutentha imayenera kukhala pamwamba pang'ono pa 80, ikamakwera kufuna 100 ndi kupitirira muli mu mzere wa magalimoto mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, pali chomwe chatopa. Nthawi zambiri ndi fan clutch, kapena thermostat, kapena radiyeta yatsekeka mkati. Radiyeta yake khosi lapamwamba ndi la pulasitiki ndipo likakalamba limathetheka, limatha kuduka lonse paipi nkuvuka madzi onse kutayika nthawi imodzi. Choipa kwambiri chomwe timachita kuno ndi kuthira madzi a pa borehole. Harare yonse tikumwa a borehole ndiye munthu amangotunga mu chigubu nkuthira, koma madzi amenewo amasiya zoyera zija mumaziona mu ketulo, zimatseka timipata ta radiyeta ndi hita, kuphatikiza dzimbiri. Coolant weniweni wosakaniza ndi madzi a distilled theka ndi theka, basi. Thermostat musachotse, ngakhale wina akuuzeni kuti kuno nkotentha siifunika, injini imafuna kufika pa kutentha kwake kuti idye mafuta bwino.

Nkhani ya mafuta ndiye yovuta pang'ono ndipo ndikhalapo. Popereka petulo ku injini 300E imagwiritsa ntchito KE-Jetronic ya Bosch, yomwe mbali yaikulu ndi ya makina osati ya kompyuta. Mukachotsa chivundikiro cha air filter muona kambale kozungulira, mpweya ukamalowa umakakankhira pansi, ndipo iko kamasuntha kapisitoni mu fuel distributor komwe kumachoka timapaipi tachitsulo 6 kupita ku ma injekita. Zonse zimadalira puresha ya petulo komanso ukhondo wake. Tsono petulo wathu kuno ndi wosakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Chisumbanje ndi ku Triangle, nyengo zina amafika E20, kutanthauza magawo 20 pa 100 ndi ethanol, ndipo galimoto ya 1990 siinapangidwe ndi maganizo amenewo. Ethanol amakoka chinyezi, amaumitsa mapaipi akale a labala, amasungunulanso litsiro lomwe linakhazikika mu thanki zaka zonsezi nkulitumiza kutsogolo. Sikuti galimoto siingayende ayi, yanga imayenda bwinobwino, koma mapaipi onse a labala a pansi kumbuyo komwe kuli pampu, fyuluta ndi accumulator ayenera kukhala atsopano, a mtundu wopirira ethanol, ndipo fyuluta muzisintha msanga kuposa mmene buku limanenera. Chinanso musaiimike miyezi ndi thanki ya theka. Anthu ena amati ndikuisunga ndiziyendetsa pa maukwati pokha, imeneyo ndi njira yachidule yophera fuel distributor. Iyende sabata iliyonse mpaka itenthe bwino.

Pakati pa kambale kaja ndi fuel distributor pali kabowo kolowa allen key ya 3mm kosinthira kasakanizidwe ka mpweya ndi petulo. Kabowo kameneka kawononga ma Benz ambiri mu tauni muno. Galimoto ikangovuta kulira mmawa munthu amathamangira kupotokola pamenepo osayeza puresha, pomwe vuto linali kapaipi ka vacuum kong'ambika, kapena distributor cap yonyowa, kapena OVP relay yoteteza zipangizo zamagetsi ku mphamvu yopitirira muyezo. Relay imeneyi ili kuseri kwa batire, ili ndi fyuzi pamutu pake, ikafooka nyali ya ABS imayaka, idling nkumakwera ndi kutsika, mmawa nkumavuta kudzuka. Kanthu kakang'ono kokwana mmanja koma anthu afika pogulitsa galimoto motchipa chifukwa cha iko. Ena akatopa amazula injini yonse nkuika ya Toyota. Sindiwanyoza, aliyense amadziwa thumba lake, koma kwa ine kulira kosalala kwa ma silinda 6 aja ndi theka la chifukwa chomwe ndimaikondera galimotoyi.

Amene mukufuna kugula ya 1993 mpaka 1995, makamaka ya injini ya M104, yang'anitsitsani mawaya a pa injini. Zaka zimenezo anagwiritsa ntchito chikutiro cha mawaya chomwe chimafumbutuka ndi kutentha, mukasenda pang'ono tepi nkuona chikuyoyoka dziwani kuti harness yonse, mtolo wonse wa mawayawo, ikufunika ina. Giya bokosi ya otomatiki ya magiya 4 ija nthawi zambiri imanyamuka ndi giya yachiwiri, ndi mmene anaipangira, musaope. Ingosinthani mafuta ake a ATF ndi fyuluta yake, osamvera zoti mafuta a giya bokosi sasinthidwa.

Ma sipeya amapezeka. Kaguvi Street, Gazaland, ku Siyaso ku Mbare, ndi kwa anthu ophwasula magalimoto, zina timaitanitsa ku Johannesburg zimabwera pa basi. Pitani ndi nambala ya chassis, ndipo ngati nkotheka tengani chakalecho mmanja mukafananize. Pa za pansi ndimafuna Lemförder, ma shoko Sachs kapena Bilstein, za magetsi Bosch, ma fyuluta Mann. Zotchipa zopanda dzina zilipo zambiri ndipo zina zimabwera mu bokosi lokongola, koma ball joint yotchipa pa galimoto yonyamula ana anu ayi ndithu. Kumbukiraninso kuti kuyambira 2021 boma linakhwimitsa malamulo olowetsa magalimoto opitirira zaka 10, ndiye ma W124 omwe ali mdziko muno ndi omwewo, sakuchuluka, ina ikaphwasulidwa ndiye kuti yachepa. Nchifukwa chake ndikaona ina ikuonongeka ndi manja a mwini wake mtima umandipweteka ngati ndi yanga.

Tsopano za kukongoletsa, chifukwa sikuti ndimadana nazo, ndimazikonda kwambiri mwina kuposa amene amathamangira ma rimu aja. Kungoti kwa ine kukongola kwa galimoto imeneyi kuli kale mmenemo, ntchito yathu ndi kukuvundukula.

Penti ndiye poyambira. Harare ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pa nyanja, dzuwa lake limaotcha penti moopsa, muona magalimoto ambiri denga ndi boneti zikusupuka. Mthunzi ndi wofunika koma samalani ndi mitengo yomwe mukuimika pansi pake. Ma jacaranda a mu ma Avenues mu Okutobala ndi okongola zedi, koma maluwa ake akagwera pa boneti yotentha nkunyowa amamata ndi kusiya mabala, ndipo choopsa kwambiri amatsikira mu timabowo totulutsa madzi pansi pa windisikirini ndi mmakona a sunroof. Timabowoto tikatseka mvula yoyamba ya Novembala madzi amalowa pansi pa kapeti, ndipo kapeti ya Benz ili ndi siponji yokhuthala pansi yomwe imasunga madzi miyezi osauma, pamwamba pakuoneka pouma bwinobwino pansi chitsulo chikudyeka. Ine mvula isanayambe ndimatsegula boneti mpaka kuima chilili, W124 imalola zimenezo mukamasula timaloko ta pa mahinji, nkuchotsa zinyalala zonse ndi dzanja, kuthira madzi a mu botolo nkuona ngati akutuluka pansi. Yang'ananinso pansi pa batire ndi pa mabowo a jeke, dzimbiri limayambira mmenemo.

Potsuka sopo wa mbale ndi wa ufa wochapira zovala ayi, amachotsa wax yense. Ndowa ziwiri, ina ya shampu ina yotsukuluzira nsalu, kutsuka pa mthunzi kuyambira pa denga kutsika, kupukuta madzi asanaume okha chifukwa a borehole aja amasiya madontho. Penti yakale ya fakitale ngati ikadalipo yesetsani kuisunga, polishi wofewa ndi wax zimaidzutsa modabwitsa. Yanga ndi smoke silver, nambala 702, mtundu womwe masana umaoneka siliva madzulo nkumapita ku golide pang'ono, ndipo wopenta aliyense amene angakuuzeni kuti asakaniza ndi maso osafunsa nambala ya penti musamupatse galimoto. Nambalayo ili pa kachitsulo kutsogolo pamwamba pa radiyeta.

Mmbali mwa zitseko muli mapulasitiki otambalala aja omwe anayamba mu 1989, amakhala a mtundu wosiyana pang'ono ndi thupi. Ambiri popentanso amangopaka zonse mtundu umodzi. Ine ndinasiya mitundu iwiri, chifukwa mzere umenewo ndi umene umaipangitsa galimoto kuoneka yaitali ndi yokhazikika pansi. Chimodzimodzi ma indiketa a olenji. Mu 1993 anasintha nkhope, grille inalowa mu boneti, ma indiketa nkukhala oyera, dzina nkusanduka E-Class, ndipo pali anzanga omwe amasintha yakale kuti ioneke ngati ya 1994. Ndi galimoto yawo, koma ine ndimaona kuti ya 1990 izioneka ya 1990. Wiper imodzi ija yomwe imatambasuka ikafika mmakona, ipakeni girizi mkati mwa chivundikiro chake, ikauma magiya ake amadyeka ndipo kupeza ina yabwino ndi ntchito.

Ma rimu tsopano. Inabwera ndi a 15 inchi a mabowo 15, matayala 195/65 R15. Nditamaliza za pansi ndi za madzi ndinaika a 16 inchi a mabowo 8 a Benz yomweyo ndi matayala 205/55 R16, kukula kwa tayala lonse kumakhala pafupifupi chimodzimodzi ndiye sipidomita siinama, ndipo mnofu wa tayala ukadalipo wokwanira kumeza dzenje. AMG Monoblock ya 17 pa W124 ndi yokongola, sindingatsutse, koma pa misewu yathu nyengo ya mvula maenje atabisala mmadzi, rimu yotero ndi tayala lopyapyala mudzakhala mukuwongoletsa mwezi ndi mwezi, ndipo nkhonya yomwe tayala lalephera kumeza imapita ku ma bushi omwe mwangogula aja. Kutsitsa galimoto ndiye ayi, sampu ndi ya aluminiyamu, hampu imodzi ya ku Kuwadzana yakwana. Mabowo a rimu ndi 5x112, koma kukwana mabowo sikutanthauza kuti zatheka, onani offset, mmene rimu imalowera mkati kapena kutulukira kunja, komanso kutalika kwa mabawuti, chifukwa bawuti yaitali kumbuyo imakalowa mpaka kukakhudza za handibuleki mkati. A 15 aja ndinawatsuka nkuwasunga, sindigulitsa.

Mkati ndi momwe ndimakhala nthawi yaitali ndiye ndi momwe ndimasamala kwambiri. Matabwa a zebrano a pa giya ndi pa dashibodi vanishi wake amang'aluka ndi dzuwa, musamate pulasitiki yooneka ngati kaboni pamwamba chonde, kalipentala wodekha amatha kupala nkupakanso. Dashibodi imafuna chotchinga dzuwa nthawi iliyonse mwaimika, osati mafuta onyezimira aja amakoka fumbi. Mpando wa dalaivala ukaphwa mbali imodzi nthawi zambiri ndi sipulingi yamkati yaduka, osoka mipando a ku Magaba ku Mbare amakonza bwino, muwauze asunge kasokedwe ka mizere yake. Wayilesi ndinaika ya masiku ano ya Bluetooth koma yakuda yopanda zowalawala, nyali yake ndinaisankha ya olenji kuti igwirizane ndi mawotchi usiku, ndipo sindinalole kudula waya ngakhale umodzi, tinagwiritsa ntchito adaputa. Lamulo langa ndi limenelo pa chilichonse chomwe ndaonjezera, chizitheka kuchotsa galimoto nkubwerera mmene inalili. Tinti ndi wopepuka woti munthu akuoneni nkhope. Mababu a LED mu nyali zakalezi amangothobwa anzanu mmaso osakuunikirani msewu, bola kutsuka magalasi mkati, kuona ngati ma reflector akadali owala, nkuika ma H4 abwino.

Changa chenicheni chomwe sichinachokere ku Germany ndi timapilo tiwiri ta chitenje pa mpando wa kumbuyo, anasoka ndi mayi anga ndi nsalu yomwe azakhali anabwera nayo kuchokera ku Limbe. Lamulungu ndimatenga amayi ndi anzawo awiri a Chigwirizano kupita ku CCAP, amakhala kumbuyoko atavala zoyera zawo akucheza za kumudzi, ndipo pa maliro kapena pa ukwati wa anthu akwathu galimoto yonyamula akuluakulu imakhala imeneyi. Achimwene anga amandifunsabe kuti bwanji osangogula Honda Fit ngati wina aliyense, ndipo pa nkhani ya petulo akunena zoona, 300E mu tauni imamwa, palibe kubisa, kuphatikiza laisensi ya ZINARA ndi inshuwalansi zomwe sizimayang'ana zaka za galimoto. Koma mukaitulutsa pa msewu wa ku Mutoko nkuisiya ikhazikike pa 100, phokoso kulibe, chiwongolero chili nji, mumatsika musanatope.

Cholinga changa ndi kupita nayo kumudzi mu Disembala, kudzera pa Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, Zobue, nkulowa pa Mwanza. Tete ndi kotentha koopsa ndiye ayakoni ikufunika igwire, yanga ndi ya gasi wakale wa R12 ndipo tikuisinthira ku R134a, zomwe zikufuna drier watsopano, ma O-ring ndi oyilo wina wa kompuresa. Ma bushi a subframe ya kumbuyo nawo madala anena kuti sapita nawo ulendo umenewo, atsopano abwera kale akungodikira tsiku. Matabwa a pa giya adikira Januwale. Chomwe chikundisowabe mpaka pano ndi galasi la nyali ya kumanzere la galimoto ya chiwongolero cha kumanja, lomwe lilipo lili ndi mng'alu pakona, ndipo onse omwe ndawapeza ku Gazaland ndi a nkhope ya 1993 omwe sakwana pa yanga.